Chikwakwa cha Apongozi Anga

Ndodo za gofu ndinazigula kwa dalaivala wa thiraki yochokera ku Joni, pachipata cha Mwanza pomwe ndimagwira ntchito. Zinali ziwiri zokha, ina yamutu waukulu ngati chibakera, ina yachitsulo yopyapyala, pamodzi ndi timipira tinayi tomangidwa m'sokosi. Dalaivalayo anandifunsa ngati ndimatha kusewera, ine ndinati kwambiri. Limenelo linali bodza langa lachiwiri pankhani ya gofu.

Loyamba ndinawanamiza bwana. Ine ndine Langton, ndimalemba mapepala a katundu pakampani ina yothandiza mathiraki kuoloka malire. Ndinali nditakhala zaka zisanu ndi zinayi patebulo limodzi, moti mpando wanga unachita kulowa pakati. Chaka chimenecho mkulu wa ofesi yathu anapuma pantchito, ndipo mwini kampani, bwana Sungani a ku Blantyre, sanafulumire kusankha wolowa m'malo. Bwanawa gofu ankamukonda kuposa ndiwo ya nkhuku. Tonse tinkadziwa kuti nkhani zazikulu sazikambira muofesi, amazikamba akuyenda pakapinga ndi anzawo. Tsiku lina atabwera kudzatiyendera, anafunsa mongocheza ngati pakati pathu pali wosewera. Anzanga anaseka. Ine pakamwa panandiyabwa.

"Ine pang'ono, bwana."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "Iweyo? Umasewerera kuti kunoko?"

"Ndili ndi kamalo kanga kumudzi, bwana."

"Okay. Mwezi wa Meyi ndikubweranso, ndidzakaone kamalo kakoko."

Kamaloko kanali dambo la apongozi anga. Ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga Tiyamike, mbali ya kwa Kanduku, ngati mkamwini wina aliyense wa kuno. Nyumba ya malata ndinamanga ndine, koma dothi lomwe yakhalapo ndi lawo. Kuseri kwake kuli mitengo ya manachesi, kenako dambo lotsetsereka mpaka kukamtsinje. Ndinayamba kupita kumeneko ndikaweruka, dzuwa lisanalowe, foni nditaitsamiritsa pachulu. M'fonimo munali mzungu wa kabudula woyera akufotokoza za mapewa ndi mawondo. Iye akamenya, mpira unkachita kuimba mluzu. Ine ndikamenya chinkauluka ndi chibuma, mpira uli phee pomwe ndinauika.

Onyamula makala panjinga anayamba kuima panjira kuti aonere zaulere. "Achimwene, khasu limenelo n'la mtundu wanji? Mudzala liti pamenepo?" Ndinkachita ngati sindikumva, koma makutu ankatentha. Sabata itatha ndinali nditataya timipira titatu mu udzu, dzanja litatupa, msana ukuwawa ngati ndagona pamiyala. Kampira kotsalako ndinakabisa m'kabati, n'kuyamba kumenya timanachesi tatiwisi tomwe tinkayoyoka tokha. Tinkaphulikira pandodo, madzi ake n'kundilowa m'maso.

Tsopano ndinene za apongozi. Dzina lawo ndi a Luciana, ngakhale kuti pakamwa panga linali lisanatulukepo. Anabwera kuno akuthawa nkhondo ya ku Mozambique, mwana kumsana, mphika pamutu, ndipo nkhondo itatha sanabwerere. Amuna awo anamwalira Tiyamike ali wamng'ono. Ana anawalera ndi chikwakwa, kutchetcha udzu m'mbali mwa msewu ndi m'mabwalo a anthu. Mwambo wa mkamwini ndi mpongozi anaugwira zolimba kuposa eni mudzi. Zaka khumi ndi chimodzi chikwatire mwana wawo, nkhope yawo ndinali ndisanaione pafupi. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire n'kugwada atafulatira, ine ndinkavula chipewa n'kuyang'ana mbali ina, moni n'kumapatsana ngati tikulankhula ndi mitengo. Akafuna kundiuza kanthu ankatuma Tiyamike. Dzina langa sankalitchula, ndinali bambo a Doris basi, potengera mwana wathu woyamba. Anzanga a kutauni ankati zimenezi n'zachikale, koma ine zinkandikomera. Munthu wamkulu chonchija akakupatukira panjira, umadziwa kuti pamudzi akukuwerengera.

Chomwe chinkandivuta ndi ganyu wawoyo. Anzanga a kuofesi amadutsa pamsewu womwewo, ndipo ndinkaopa tsiku lomwe wina adzaloze chala n'kunena kuti si apongozi a Langton awo. Ndinatumapo Tiyamike kuti awauze asiye, ine ndiziwasamala. Yankho linabwera tsiku lomwelo. "Akuti zikomo," anatero Tiyamike, "koma manja awo sanadandaule."

Madzulo ena, ndili mkati mokumba dambo lija, ndinamva mawu kuseri kwa mtengo wa manachesi. Apongozi ankamasula mbuzi yawo yamkota yomwe ankaitcha Sinyora. Anali atandifulatira monga mwa nthawi zonse.

"Epa, Sinyora," anatero mokweza, "iwe ndiwe mbuzi yopusa. Udzu sautema ngati nkhuni. Ukautema, chikwakwa chimalowa m'dothi, mawa lake msana."

Ndinaima. Mbuziyo inkangotafuna. Pamalopo panalibe munthu wina, ndipo mbuzi sigwira chikwakwa. Ndinachita manyazi mpaka thukuta, podziwa kuti masiku onsewa ankaona uchitsiru wanga ali chete.

"Taona kuno, Sinyora," anapitiriza. Anatola chikwakwa chawo n'kuima pa udzu wautali, msana uli kwa ine. Sanakweze manja ngati wokwiya, mmene ndinkachitira ine. Anapotokola chiuno pang'onopang'ono, chikwakwa n'kupita kumbuyo chokha, kenako chiuno n'kubwerera, chikwakwa n'kutsatira pambuyo. Fyuu! Udzu unagona wofanana ngati wametedwa ndi lumo, dothi osakhudzidwa. Pomaliza thupi lonse linali litatsamira pamwendo wakutsogolo, chidendene chakumbuyo chili m'mwamba. Ndinayang'ana foni pachulu. Mzungu wa kabudula uja anali ataima chimodzimodzi.

"Manja ndi chingwe basi," anaiuza mbuziyo. "Mphamvu ili m'chiuno."

Anakoka mbuzi yawo n'kumapita. Ine ndinatsala nditagwira ndodo, kukamwa kuli yasa.

Mawa lake mbuzi inamangidwanso pamtengo womwewo, ndipo sukulu inayamba. Ine ndinkamenya timanachesi, iwo ankapalira kapena kusenda chinangwa atafulatira, koma ankamva ndi makutu mmene ndodo yagundira. Ikalira kuti di, ankadziwa kuti ndakumba. Ikalira kuti fyuu popanda china, ankadziwa kuti ndaphonya.

"Sinyora, wagwira ngati ukupotokola khosi la tambala. Gwira ngati wanyamula mwanapiye."

"Sinyora, ukuthamangira kuti? Divagari." Limeneli ndi liwu lachipwitikizi lomwe ankalikonda, kutanthauza pang'onopang'ono.

Tsiku lachitatu ndinalimba mtima. Ndinayang'ana mbuziyo n'kukhosomola. "Sinyora, nanga mutuwu ndiziutani?"

Ndinaona mapewa awo akugwedezeka, ndipo ndinadziwa kuti akuseka chamumtima.

"Mutu umayang'ana pomwe chikwakwa chikudutsa," anayankha. "Wodzutsa mutu msanga kuti aone ntchito yake amadzitema chala chakuphazi."

Kuyambira pamenepo tinkalankhulana tsiku ndi tsiku kudzera mwa mbuzi. Mwambo sitinauswe, popeza palibe anayang'ana mnzake. Anandivula nsapato za kuofesi kuti mapazi azimva pansi. Anandiletsa kumenya chilichonse kwa masiku awiri, kuti ndizingopesa udzu ndi ndodo mpaka nsonga zake ziziduka dothi lisanakhudzidwe. Tsiku lina anasiya chikwakwa chawo pachulu, n'kuiuza mbuzi kuti wofuna kuphunzira atchetche mzere umodzi mpaka kumtsinje. Ndinayang'ana uku ndi uku kaye kuopa a makala aja, kenako ndinatchetcha. Pofika pakati pa mzerewo chiuno chinali chitamva zomwe mutu unkakana kumva. Foni ndinasiya kupita nayo.

Tiyamike ankaseka mpaka kugwira m'mimba. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda pakati panu ngati wapositi, lero ntchito yanga yalandidwa ndi mbuzi!"

Patatha masabata atatu ndinatulutsa kampira kaja m'kabati. Ndinakaika pa udzu, ndinagwira mwanapiye, ndinapotokola chiuno, mutu pansi. Thwa! Kulira kwake kunali kwina, ndipo m'manja simunamveke kanthu. Podzutsa mutu ndinaona kadontho koyera kakukwera, kakukwera, kenako kakutsika tsidya lina la mtsinje m'dimba la eni ake. Ndinakuwa ngati mwana. Ndinatsala pang'ono kutembenuka kuti ndiwayang'ane, koma ndinadzigwira.

"Sinyora," anatero apongozi modekha, "lero wadya bwino."

Sindikumbuka kuti munthu wina anandiyamikirapo mawu okoma kuposa amenewo.

Bwana Sungani anaimba foni kuti afika Loweruka cha m'ma teni. Mmawa wa tsikulo ndinadzutsidwa ndi kulira kwa chikwakwa kuseri kwa nyumba. Nditasuzumira pawindo ndinaona theka la dambo litametedwa kale, mame akadali pa udzu.

"Amayi amva kuti kukubwera bwana wanu," anatero Tiyamike akukoleza mbaula. "Akuti mlendo asapeze tchire."

Munthu wanzeru akanathokoza. Ine ndinayang'ana zomwe anavala: juzi yong'ambika pachigongono, chitenje chofwifwa, majombo odulidwa pakati, duku yodzaza udzu.

"Kawauze afulumire, akapume bwana asanafike."

Tiyamike anapitiriza kukoleza mbaula. Sindikudziwa ngati anakawauza. Galimoto ya bwana inafika naini koloko isanakwane, apongozi akadali kumunsi kwa dambo.

Bwana anatsika atavala chipewa choyera, n'kutulutsa chikwama chodzaza ndodo ndi kathumba ka mipira yatsopano. Anayang'ana dambolo n'kugwedeza mutu mokondwa. "Very nice. Kapinga wake ngati wa kutauni. Tiye tione, Langton."

Ndinagwira ndodo ngati khosi la tambala, ndinathamanga, ndinadzutsa mutu kuti ndione nkhope ya bwana. Di! Chibuma chinauluka, mpira n'kugubuduka mapazi asanu. Bwana anakhosomola n'kuyang'ana wotchi. Ndinaika wina, nawonso chimodzimodzi. Ndinaona mpando wa mkulu wa ofesi ukundichoka ndikuuona.

Apongozi anali atakwera kudzatchetcha pafupi ndi mtengo wa mbuzi uja, atatifulatira. Mawu awo anabwera osafulumira.

"Sinyora, mutu pansi. Divagari. Palibe akukuthamangitsa."

Ndinapuma mpweya. Ndinamasula zala, ndinalola chiuno kutsogola. Thwa! Mpira unakwera molunjika mpaka tsidya. Ndinaika wina. Thwa! Wina. Thwa!

"Eee!" Bwana anavula chipewa. "Beautiful swing! Anthu amalipira aphunzitsi zaka zambiri osafika pamenepa. Anakuphunzitsa ndani, iwe?"

"Pafoni, bwana. Mavidiyo."

Linatuluka lokha, mosavuta, ngati mabodza awiri oyamba aja. Chikwakwa chinapitiriza kulira, fyuu, fyuu. Ndinadziuza kuti mwina sanamve.

Bwana anaseka n'kuloza ndi ndodo. "Nanga mayi akucheza ndi mbuziwo ndi ndani?"

Mawu oyenera ndinali nawo, ndipo ndi afupi: ndi apongozi anga, ndi amene andiphunzitsa. Bwana mwina akanaseka, mwina akanavula chipewa kachiwiri, sindidzadziwa. Ine ndinayang'ana majombo odulidwa aja, ndinayang'ana nsapato zoyera za bwana.

"Ndi aganyu, bwana. Amanditchetchera udzu."

Dambo limanyamula mawu. Chikwakwa chinasiya kulira.

"Good, good," anatero bwana. Kenako anakweza mawu. "Mayi! Tatithandizani kutola mipirayo kumunsiko!"

Apa mpata unalipo wachiwiri, ndipo nawonso ndinauphonya. Ndinangoima ngati chitsa. Apongozi anagoneka chikwakwa pansi bwinobwino, anatsetsereka dambo lomwe anameta okha, anaoloka mtsinje, n'kuyamba kufunafuna mipira m'masamba a mpiru. Bwana anati tipitirize, ndipo ndinapitiriza. Ndinamenya mipira ina isanu ndi umodzi, yonse yokongola, ikudutsa pamwamba pa mutu wa mayi wondiberekera mkazi ali chiweramire. Manyazi omwe ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire, koma manja sanasiye.

Anabwera nayo m'chitenje, anaikhuthulira pamapazi pa bwana, anawomba m'manja mwaulemu. Kenako anamasula mbuzi yawo, anatola chikwakwa, n'kulowera kunyumba kwawo. Nditatembenuka ndinapeza Tiyamike ataima pafupi ndi chulu, thireyi ya tiyi ili m'manja. Sindinafunse kuti wafika nthawi yanji. Nkhope yake inandiuza.

Bwana anamwa tiyi, anayamikira mandasi, anandisiyira mipira khumi ndi ndodo ina yachitatu. Polowa m'galimoto anandigwira paphewa. "Lolemba ubwere ku Blantyre tidzakambirane za ofesi ija. Uvale tayi."

Fumbi la galimoto lisanathe, Tiyamike anali atayamba kutsuka makapu. Ankatsuka kapu imodzi kambirimbiri.

"Mwawatcha chiyani amayi anga?"

"Tiya, zinangotuluka. Ukudziwa mmene mabwana amaonera anthu. Ndimafuna ntchitoyi chifukwa cha ife tonse, ndi iwo omwe."

"Ndafunsa kuti mwawatcha chiyani."

Liwu lomwe linatuluka mosavuta pamaso pa mlendo linakana kutuluka pamaso pa mkazi wanga.

"Chonde, kawauze kuti ndalakwa. Kawauze kuti ndikupepesa."

Anaika kapu pansi. "Zaka khumi ndi chimodzi ndanyamula mawu anu kupita nawo kwa amayi. Za mchere, za maliro, za mbewu, zonse. Awa okha sindinyamula. Munawanyoza ndi pakamwa panu, popanda kundituma."

Lamulungu apongozi sanapite kutchalitchi chathu, anapita cha kutsidya. Madzulo ndinatsikira kudambo, ndili ndi mawu omwe ndinawakonza tsiku lonse. Pamtengo wa manachesi panalibe mbuzi. Ndinamva ikulira kutali, kuseri kwa nyumba yawo, komwe mkamwini safika. Ndinaganiza zokapempha amalume ake a Tiyamike kuti andiperekeze, koma zikanafunika kuti ndiwafotokozere kaye chomwe ndinanena, ndipo ndinaopa. Ndinadziuza kuti ndipite kaye ku Blantyre, ndikabwerako ndi nkhani yabwino zinthu zidzaphweka. Mwana wamwamuna akafuna kuthawa mlandu sasowa chifukwa.

Lolemba ndinanyamuka mmawa, tayi pakhosi, nsapato zopolisha, kulowera kumsewu kukakwera minibasi. Njira yathu ndi yopapatiza, imadutsa pakati pa minda ya chimanga chouma. Nditakhota pamtengo wa mango ndinawaona akubwera, chikwakwa paphewa, juzi yomweyo. Ndinamva kampumulo. Ndinati apatuka, agwada, ine ndivula chipewa, ndipo tili chifulatirane choncho ndinena kupepesa kwanga kwa mitengo, iwo amva.

Ndinapatukira kumanzere, ndinavula chipewa, ndinayang'ana kuchimanga. Ndinadikira kumva udzu ukuswanyika mbali inayo.

Sunaswanyike. Majombo anapitiriza kubwera pakati penipeni pa njira, mpaka anaima kutsogolo kwanga. Ndinatembenuzira nkhope kumbali, iwo anasuntha n'kuimanso pomwe maso anga analoza. Panalibe kothawira. Ndinaona nkhope ya apongozi anga pafupi kwa nthawi yoyamba: yaing'ono kuposa mmene ndinkaganizira, ya makwinya ambiri m'mbali mwa maso, ndipo masowo anali owuma, osakwiya n'komwe. Anandiyang'ana mmene munthu amayang'anira mlendo aliyense wovala tayi.

"Amayi," ndinayamba.

Sanagwade. Sanafulatire. Anatambasula dzanja lawo lokhakhala kuti andipatse moni wa pamanja.

"Mwadzuka bwanji, bwana Langton? Udzu ukakulanso mudzandiitane."